Kupatulira mitengo: yambani mwawerenga musanagwire nkhwangwa

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lathu limakhala pa nyengo yodzala mitengo. Kuno ku Nkhotakota, sukulu, mipingo, mizikiti, magulu a asodzi ndi makomiti a m'midzi akhala akutengapo mbali, ndipo amene amayenda mumsewu wa M5 kuchokera ku Benga kukafika ku Dwangwa amaona timinda ta bulugamu, keshya ndi malaina tomwe kale panalibe. Izi n'zoyamikika. Koma munthu akalowa mkati mwa timinda tina, zomwe amapeza zimamvetsa chisoni. Mitengo yatalika, koma ndi yoonda ngati bango, masamba ali kunsonga kokha, ina yauma chiimire, ndipo ina yapendama chifukwa cha mphepo ya mwera. Mwinimunda amene ankayembekezera matabwa akupeza kuti patatha zaka khumi ali ndi timitengo tongoyenera kumangira thandala la usipa.

Kawirikawiri vuto silikhala mbewu kapena nthaka, koma kuthithikana. Phunziro lino likufotokoza momwe banja kapena komiti ingadziwire ngati mitengo yake yathithikana, nthawi yoyenera kupatulira, chiwerengero cha mitengo yochotsa, ndi momwe ingaoneretu chaka chomwe idzafunike kupatuliranso.

Zomwe mlimi wa chimanga akudziwa kale

Palibe mlimi amene amasiya mbewu zisanu paphando limodzi n'kumayembekezera zisononkho zikuluzikulu. Amapatulira, ngakhale kuti mmera womwe akuzulawo ndi wamoyo ndiponso wobiriwira. Amadziwa kuti chakudya cha m'nthaka, madzi ndi dzuwa zili ndi malire, ndipo zikagawidwa kwa mbewu zambiri, iliyonse imalandira zochepa.

Mitengo nayo imatero, kungoti nkhondo yake imatenga zaka. Ikadali yaing'ono, uliwonse umakhala ndi malo okwanira. Nthambi zikayamba kugundana, mpikisano umayamba. Mtengo uliwonse umathamangira kumwamba kufuna dzuwa, nthambi zam'munsi zimauma, ndipo thunthu limasiya kunenepa. Pamapeto pake yofooka imafa. Choncho nkhalango yomwe mwiniwake sakuipatulira imadzipatulira yokha, koma imachita izi mochedwa, mosasankha mtengo womwe inu mukuufuna, ndipo yakufayo imathera chiswe m'malo mopindulira banja.

Tinene poyera kuti kupatulira sikuwonjezera mphamvu ya nthaka. Kumangochotsa chakudya pakamwa pa mitengo yambiri n'kuchipereka kwa yochepa yomwe mwaisankha. Amene cholinga chake ndi nkhuni zowambira nsomba kapena timitengo ta phaso, mitengo yoyandikana siyimupweteka kwenikweni, chifukwa adzadula yonse ikadali yaing'ono. Koma amene akufuna nsanamira, mapolo akuluakulu kapena matabwa sangathawe kupatulira. Funso loyamba la komiti iliyonse likhale ili: kodi nkhalangoyi tikufuna idzatipatse chiyani?

Zomwe akatswiri anapeza

M'chaka cha 1933, katswiri wa zankhalango wa ku America, L. H. Reineke, anayeza nkhalango zambiri zomwe zinali zodzaza kotheratu. Anapeza kuti pali mgwirizano pakati pa kunenepa kwa mitengo ndi chiwerengero chomwe malo angasunge. Mwachidule, thunthu likanenepa kuwirikiza kawiri, malo omwewo amatha kusunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mitengo yomwe inalipo. Mwachitsanzo, ngati malo ena angasunge mitengo 3,000 yonenepa masentimita 10, adzasunga pafupifupi 1,000 yokha ikadzafika masentimita 20, ndipo pafupifupi 330 ikadzafika masentimita 40. Yotsalayo iyenera kuchoka, kaya ndi nkhwangwa yanu kapena ndi imfa.

Ku South Africa, kuyambira m'zaka za m'ma 1930, akatswiri anadzala paini m'minda yoyesera motalikirana mosiyanasiyana, n'kumaiyeza kwa zaka zambiri kuti aone momwe danga limasinthira kakulidwe ka mtengo. M'maiko ngati Japan ndi Canada, zotsatira za kafukufuku wotere anazisandutsa zithunzi za mizere ndi mapulogalamu a pakompyuta. Woyang'anira nkhalango amalowetsamo chiwerengero cha mitengo, kutalika ndi kunenepa kwake, ndipo amaona pomwe nkhalango yake ili lero, pomwe idzakhale zaka zikubwerazo, ndi nthawi yomwe mitengo idzayambe kuphana.

Kwathu kuno phunziro lili ku Chikangawa. Nkhalango ya paini ya Viphya, yomwe inafika pafupifupi mahekitala 53,000, inadzalidwa makamaka ndi cholinga chopangira mapepala, ntchito yomwe siilira mitengo yonenepa. Fakitale ya mapepalayo sinamangidwe, ndipo dziko litatembenukira ku matabwa, mbali zambiri za nkhalangoyo zinali zitakula zosapatuliridwa pa nthawi yake. Cholinga ndi kasamalidwe zikasiyana, phindu limachepa ngakhale mitengo ichuluke chotani.

Ife kumudzi tilibe makompyuta otere, koma nzeru yake tikhoza kuigwiritsa ntchito ndi chingwe, tepi, nsungwi ndi kope.

Gawo loyamba: werengani mitengo

Simukuyenera kuwerenga munda wonse. Dulani chingwe chotalika mamita 5 ndi masentimita 64. Khomani chikhomo pakati pa munda, mangani chingwecho, ndipo munthu mmodzi azungulire atachikoka. Bwalo lomwe lazunguliridwalo ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a hekitala. Werengani mitengo yamoyo yonse yomwe ili mkati mwa bwalolo. Mukachulukitsa ndi 100, mwapeza chiwerengero cha mitengo pa hekitala.

Chitani izi pamalo atatu kapena asanu osiyanasiyana, kumtunda, pakati ndi kumunsi, osati pokongola pokha. Phatikizani zomwe mwapeza n'kugawa ndi chiwerengero cha mabwalo. Ngati mwapeza 22, 18 ndi 20, ndiye kuti bwalo lililonse lili ndi mitengo pafupifupi 20, kutanthauza 2,000 pa hekitala.

Chiwerengerochi chimakuuzani danga lomwe lili pakati pa mtengo ndi unzake:

Mitengo 25 m'bwalo: danga la mamita 2
Mitengo 20 m'bwalo: danga la mamita 2.2
Mitengo 16 m'bwalo: danga la mamita 2.5
Mitengo 11 m'bwalo: danga la mamita 3
Mitengo 7 m'bwalo: danga la mamita 3.8
Mitengo 4 m'bwalo: danga la mamita 5

Gawo lachiwiri: yezani msinkhu ndi kunenepa

Sankhani mitengo iwiri kapena itatu yomwe yaposa inzake kutalika. Munthu mmodzi aimike nsungwi ya mamita 3 patsinde, ndipo wina aime patali n'kuwerenga kuti nsungwiyo ingalowe kangati kuchokera pansi mpaka kunsonga. Ikalowa kanayi, mtengowo ndi wa mamita 12. Chifukwa choyezera mitengo italiitali n'chakuti msinkhu wake susintha kwenikweni ndi kuthithikana, koma umatsatira zaka za mtengo ndi chonde cha malowo.

Kenako yezani kunenepa. Zungulizani tepi ya telala pathunthu, pamsinkhu wa pachifuwa, womwe akatswiri anagwirizana kuti ndi mita imodzi ndi masentimita 30 kuchokera pansi. Zomwe mwapeza mukazigawa patatu, mwayandikira kunenepa kwenikweni kwa thunthulo. Lembani zonsezi m'kope pamodzi ndi tsiku. Chaka chamawa mudzayezenso mitengo yomweyo. Mukadzaona kuti ikutalika koma siyikunenepa, dziwani kuti njala yalowa m'nkhalango.

Gawo lachitatu: yerekezani danga ndi msinkhu

Njira yapafupi yomwe akatswiri akhala akugwiritsa ntchito m'minda ya mitengo yodzala ndi kuyerekeza danga ndi msinkhu. Mtengo wautali umafuna malo aakulu kuposa waufupi. Monga poyambira, danga likachepera gawo limodzi mwa magawo asanu a msinkhu, mitengo yayamba kupanikizana, ndipo mukapatulira mufikitse dangalo pafupifupi pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Malire enieni amasiyana malinga ndi mtundu wa mtengo ndi nthaka, n'chifukwa chake ndi bwino kuti mlangizi wa zankhalango wa m'dera lanu aone nawo zomwe mwalemba.

Tiyeni tiyesere ndi chitsanzo chathu chija. M'bwalo muli mitengo 20, danga ndi mamita 2.2, ndipo msinkhu ndi mamita 12. Gawo limodzi mwa magawo asanu a 12 ndi mamita 2.4. Danga lathu lachepera pamenepo, choncho nthawi yopatulira yakwana. Gawo limodzi mwa magawo anayi a 12 ndi mamita 3, ndipo mndandanda uja ukusonyeza kuti danga la mamita 3 limafuna mitengo 11 m'bwalo. Ndiye kuti pa mitengo 20 iliyonse, 9 ichoke ndipo 11 itsale.

Ubwino wa masamuwa ndi wakuti amatithandizanso kuona zam'tsogolo. Mitengo 11 yotsalayo idzayambanso kupanikizana ikadzafika mamita 15, popeza gawo limodzi mwa magawo asanu a 15 ndi mamita 3. Ngati kope lanu likusonyeza kuti mitengo ikutalika mita imodzi pachaka, ndiye kuti kupatulira kwachiwiri kudzafika patatha zaka zitatu, ndipo pamenepo mudzasiya mitengo 7 m'bwalo. Komiti yodziwa izi ikhoza kukonzekeratu msika wa mapolo, kapena kulinganiza kuti mitengoyo idzathandize pa denga la sukulu yamkaka kapena nyumba ya mphunzitsi, m'malo modula mwadzidzidzi ndalama zikasowa.

Uti uchoke, uti utsale?

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Wogula akabwera amaloza mtengo wowongoka ndi wonenepa, ndipo mwinimunda amavomera chifukwa ndi womwe uli ndi ndalama lero. Zikachitika kangapo, m'munda mumatsala mitengo yopindika ndi yodwala yokhayokha. Kumeneko si kupatulira, koma kuli ngati kupha nkhuku zoikira n'kusunga zachitopa.

Yambani ndi kusankha mitengo yotsala. Yendani m'munda anthu awiri kapena atatu, ndipo muike chizindikiro cha penti kapena kansalu pa mtengo uliwonse wowongoka, wathanzi, wansonga imodzi ndi wamasamba okwanira, moonetsetsa kuti yosankhidwayo yatalikirana mofanana. Mukatero, chotsani yakufa, yodwala, yamphanda, yopindika, yotsalira pansi pa inzake, komanso uliwonse womwe nthambi zake zikupanikiza mtengo wosankhidwa.

Ngati munda unachedwa kwambiri kupatuliridwa, musachotse yonse nthawi imodzi. Mitengo yoonda yomwe yakhala ikutsamirana imathyoka kapena kuzuka ikangotsegulidwa, makamaka kuno kunyanja komwe mwera umaomba mwamphamvu m'miyezi yozizira. Chotsani theka la yomwe munawerengera, ndipo theka linalo lidikire chaka chimodzi kapena ziwiri. Mizere yakumphepete, yoyang'ana komwe mphepo imachokera, isiyeni yothithikana kuti itchinjirize yamkati.

Dulani pafupi ndi nthaka, mopendeketsa kuti madzi asaime pachitsa. Bulugamu ndi keshya zimaphukira zikadulidwa, choncho ganizirani ngati mphukirazo mukuzifuna ngati nkhuni kapena muziphwanya kuti zisalimbane ndi mitengo yosankhidwa. Nthambi ndi masamba musaziunjike patsinde pa mitengo yotsala, ndipo lambulani njira yotchinga moto kuzungulira munda dzuwa la Seputembala ndi Okutobala lisanafike.

Nkhalango yachilengedwe: pomwe mitundu yasakanikirana

Masamu omwe tafotokozawa amagwira bwino m'munda wa mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi. Nkhalango zambiri za m'midzi yathu si zotero. Ndi malo omwe anthu anagwirizana kusiya kudula ndi kutentha, ndipo mombo, mtondo, msuku, muwanga, mlombwa ndi mpoza zinaphukira zokha kuchokera ku zitsa ndi mizu.

Vuto limeneli akatswiri a ku Canada akulimbana nalonso. M'nkhalango zawo za kumpoto kozizira, mtengo wotchedwa aspen umaphuka mwaunyinji kuchokera ku mizu moto ukadutsa, umakula msanga ndipo umafuna dzuwa lambiri, pomwe wina wotchedwa white spruce umapirira mthunzi, umakula pang'onopang'ono pansi pa unzakewo, ndipo ndiwo umadzapereka matabwa abwino pambuyo pake. Anaona kuti muyezo umodzi sungakwanire mitundu iwiriyi. Mofunika kuwerenga mtundu uliwonse paokha, kudziwa womwe uli pamwamba ndi womwe uli pansi, ndi kusankha womwe akufuna kuuthandiza.

Ifenso titero. M'bwalo lija la chingwe, lembani mitengo potsata mitundu ndi ntchito zake: yazipatso, yamatabwa, yamankhwala, yankhuni ndi yomwe njuchi zimakonda. Kenako tsatirani mfundo izi.

Choyamba, yambirani pachitsa. Chitsa chimodzi chikhoza kutulutsa mphukira khumi kapena kuposerapo. Zikafika msinkhu woposa munthu, siyani ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zomera pafupi ndi nthaka, zinazo zikhale nkhuni. Patapita zaka zingapo mukhoza kusiya imodzi.

Chachiwiri, mtengo wosowa uli ndi ufulu woposa wochuluka. Ngati m'bwalo muli mlombwa umodzi pakati pa mitengo khumi ya mombo, tsegulirani mlombwawo dzuwa ngakhale utakhala waung'ono. Umakula mochedwa, koma thabwa lake ndi lamtengo wapatali, ndipo adzadalitsika nalo ndi adzukulu athu.

Chachitatu, musamalize mtundu uliwonse. Bowa wambiri yemwe amayi amazula m'dzinja amamera mogwirizana ndi mizu ya mombo, mtondo ndi msuku. Mitengoyi ikatha, bowayo amathanso. Pa msuku, kumbukirani kuti pali mitengo yobereka ndi yosabereka, ndipo yosaberekayo ndi yomwe imapereka ufa wa maluwa wothandiza inzake kubala, choncho ina mwa iyo itsale.

Chachinayi, pamalo otsetsereka ndi m'mphepete mwa mitsinje monga Bua, Dwangwa, Kaombe ndi timitsinje tothira m'nyanja ya Chia, ntchito ya mtengo ndi kugwira nthaka, osati kupereka thabwa. Pamenepo nkhwangwa isafike. Madzi osefukira omwe anasautsa abale athu a ku Dwangwa mu Febuluwale 2024 akutikumbutsa kuti gombe la mtsinje si malo oseweretsa, ndipo mpasa womwe umakwera mtsinje wa Bua kukaswana umafuna madzi oyera, opanda matope ochokera kumtunda.

Lamulo likutinji?

Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 ndi kukhwimitsa zilango, limalola mudzi kupatula malo kukhala nkhalango ya m'mudzi, yoyang'aniridwa ndi komiti yoona zachilengedwe mogwirizana ndi mfumu. Kupatulira m'nkhalango yotere kuchitike potsata dongosolo lomwe mudzi unagwirizana ndipo ofesi ya zankhalango ikulidziwa. Mitengo ina yachilengedwe, monga mbawa ndi mlombwa, ndi yotetezedwa, ndipo kuotcha makala popanda chilolezo ndi mlandu. Mawu akuti kupatulira asasanduke chophimba cha anthu ofuna kugwetsa nkhalango.

Phunziro lino silikukhudza nkhalango zotetezedwa ndi boma, kapena malo osungirako nyama zakutchire a Nkhotakota, omwe kuyambira mu 2015 akuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo mu 2016 ndi 2017 analandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Komabe pali kulumikizana. Mudzi womwe ukupeza nkhuni ndi mapolo m'nkhalango yakeyake ulibe chifukwa chotumizira ana ake kudumpha waya, komwe angakumane ndi njovu kapena kugwa m'manja mwa lamulo.

Mkangano usanabuke

M'nkhalango ya gulu, chovuta kwambiri si masamu koma kukhulupirirana. Anthu omwe anavutika kuthirira mbande akaona mitengo ikugwa, amaganiza kuti komiti yayamba kudya. Choncho musanadule, itanitsani msonkhano wa mudzi pamaso pa mfumu. Onetsani kope. Pitani ndi anthu kunkhalango kuti awerenge okha m'bwalo la chingwe. Gwirizanani za omwe adzaike zizindikiro, omwe adzadule, ndi momwe nkhuni, mapolo kapena ndalama zidzagawidwire, osaiwala okalamba, amasiye ndi amayi omwe amayenda mitunda italiitali kusaka nkhuni. Amene waika zizindikiro asakhalenso wogulitsa. Zomwe zadulidwa ndi zomwe zapezeka zilembedwe ndi kuwerengedwa pamsonkhano wotsatira, ndipo lipoti lipite ku VDC ndi ADC.

Dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika mu 2030. Lonjezo limeneli silidzayezedwa ndi mbande zomwe tinanyamula pa tsiku la mwambo, koma ndi mitengo yomwe idzakhale itaima, yonenepa ndi yothandiza. Akuluakulu anati mmera m'poyamba, ndipo kwa mtengo chiyambicho chimatenga zaka zingapo, kufikira utapatsidwa malo ake okulira.

Zoti mukachite m'mudzi mwanu

Pamsonkhano wotsatira wa komiti yanu, kambiranani mafunso awa. Kodi nkhalango yathu tinaidzala kapena kuisunga kuti idzatipatse chiyani, ndipo chaka chanji? Kodi m'bwalo la chingwe muli mitengo ingati, ndipo italiitali yafika mamita angati? Kodi danga lomwe lilipo likukwanira msinkhu umenewo? Kodi ndi mitundu iti yomwe ikusowa m'dera lathu, yomwe tiyenera kuitchinjiriza? Nanga zomwe tidzadule tidzagawana motani?

Mukapeza mayankho, tengani kope lanu mukaonane ndi mlangizi wa zankhalango wa m'dera lanu kapena ofesi ya zankhalango ya boma lino, ndipo khansala wa wodi yanu adziwe za dongosolo lanulo. Nthawi yabwino yowerenga ndi kuika zizindikiro ndi pomwe ntchito yokolola mpunga ndi chimanga yatha, anthu ali ndi mpata, moto wolusa usanayambe.